Kumene Sitima Zimamwera: Luso la Sikelo ya ku Singapore

Aliyense amene anagulitsapo chimanga kwa venda amadziwa kuti mkangano suyambira pa mtengo. Mtengo mumagwirizana uku mukuseka. Nkhondo imabuka thumba likakolekedwa pa sikelo, muvi n'kuima pa 46, iwe ukudziwa bwino lomwe kuti kunyumba unathira makilogalamu 50. Ndiye taganizani za malonda amene katundu wake saoneka n'komwe. Akudutsa m'paipi yakuda yonenepa ngati thunthu la mtengo, usiku, pakati pa zombo ziwiri zimene mafunde akuzikankha uku ndi uku, ndipo wogula anyamuka mbandakucha kupita kutsidya lina la dziko. Amenewa ndiwo malonda a mafuta a sitima zapamadzi. Eni ntchito amawatcha bunker, dzina lotsalira kuyambira masiku amene sitima zinkayendera malasha, pamene chipinda chosungiramo malashawo chinkatchedwa motero.

Doko limene limagulitsa mafutawa kuposa lina lililonse padziko ndi la Singapore, kachilumba kopanda ngakhale chitsime chimodzi cha mafuta. Mu 2024 mokha anathira m'sitima matani 54.92 miliyoni. Rotterdam, amene ndiye mkulu wa madoko a ku Ulaya pa malondawa, amazungulira pa matani 10 miliyoni. Ambiri amati Singapore anangochita mwayi wokhala pakhomo pa mpata wa Malacca, pomwe sitima zochokera ku China, Japan ndi Korea zimadutsa popita ku India, kwa Aluya ndi ku Ulaya. N'zoona, koma madoko a Malaysia monga Tanjung Pelepas ndi Port Klang akusamba madzi omwewo. Chimene chimandigometsa ine n'chakuti anthu a ku Singapore anatenga kuyeza ngati ntchito yamanja yofuna kunoledwa, ndipo dziko litayamba kulamula mafuta osaipitsa mpweya, kuyezako ndiko kunabala ndalama.

Kale zinkayenda chonchi. Chombo chonyamula mafuta chikakocheza m'mbali mwa sitima, pankakumana anthu atatu: woyang'anira katundu wa chombocho, injiniya wamkulu wa sitima, ndi woyeza wapadera wolembedwa ganyu ndi wogula. Chida chawo chinali tepi yachitsulo yokhala ndi kachitsulo kolemera kunsonga. Ankaitsitsira m'thanki iliyonse, n'kuwerenga pamene mafuta alekezera. Koma thanki ya sitima si ndowa. Ili ndi makona, nthiti ndi mapaipi mkati, ndiponso chombo sichikhala chilili pamadzi, chimapendekera kutsogolo kapena m'mbali. Choncho chiwerengero cha patepi chinkafunika kuchikonza potsata buku la thankiyo. Akatha apo ankayeza kutentha, poti mafuta akatentha amafufuma pamene malonda ake ndi a kulemera. Woyeza wodziwa ntchito sankadalira masamu okha. Ankagwira paipi ndi chikhatho kuti amve ngati ikudumpha mwachilendo, ankatchera khutu pakamwa pa thanki, ankayang'anitsitsa tepi ikamatuluka kuti aone ngati pamamatira timathovu.

Timathovuto ndi timene tinali mdani. Ogulitsa achinyengo ankapopera mpweya m'mafuta kuti afufume, ndipo chinyengochi amalinyero anachipatsa dzina la khofi wathovu uja, cappuccino. Kwathu tinganene kuti wakudzazira chipanda ndi thovu la masese. Tepi imati thanki yadzaza, injiniya amasaina, sitima imanyamuka. Patapita maola kapena masiku thovu limaphwa, mafuta n'kutsika, wogulitsa ali kutali. Tingoyerekeza sitima yagula matani 3,000 pa mtengo wa madola 600 tani imodzi. Kuperewera kwa 1 peresenti yokha ndi matani 30, omwe ndi madola 18,000 opita ndi mphepo pa kumwa kamodzi.

Pa 1 Januwale 2017, bungwe loyendetsa dokoli, la Maritime and Port Authority of Singapore, lomwe amangoliti MPA, linalamula kuti mafuta olemera onse azidutsa pa mita yoyeza kulemera kwake akuyenda. Linali doko loyamba padziko kuchita zimenezi, ndipo mu Julayi 2019 lamulolo linafika ndi ku mafuta opepuka a mtundu wa dizilo. Mita imeneyi ndi chinthu chokongola ukachimvetsa. Mkati mwake mulibe gudumu lozungulira kapena chopalasa. Muli mapaipi opindika amene maginito amawanjenjemeretsa pang'ono, kunjenjemera kosaoneka ndi maso. Mafuta akakhala chiimire, mbali yolowera ndi yotulukira zimagwedezeka pamodzi ngati ovina odziwana phazi. Akangoyamba kuyenda, paipi imapotoka pang'ono, mbali ina n'kutsalira inzake ndi kanthawi kochepetsetsa, ndipo kutsalirako kumakula molingana ndi kulemera kwa chimene chikudutsa. Mphamvu yopotolayi anaifotokoza katswiri wa masamu wa ku France, Gaspard-Gustave de Coriolis, mu 1835, iye asakuganizako za mafuta a sitima. Mpweya sulemera kanthu, ndiye thovu linatha mphamvu. Mita imalembanso mphindi iliyonse imene mpweya wadutsa, moti wopopera thovu amadzisiyira yekha mapazi.

Mita aliyense angagule. Nzeru inagona pa zimene anaizinga nazo. Anadziwa kuti wakuba akalephera kunamiza sikelo amaboola thumba, ndiye anayang'ana paipi yonse kuyambira pamita mpaka pomwe mafuta amachokera m'chombo. Polumikizira paliponse ndi potsekera paliponse pomwe mafuta angabwerere mobisa anamangapo chidindo chokhala ndi nambala, ndipo manambalawo amawerengedwa ntchito isanayambe komanso ikatha. Zonsezi anazilemba m'malamulo otchedwa TR 48, omwe pambuyo pake anakhwima n'kukhala SS 648, ndipo kuphonya kololedwa kwa dongosolo lonse sikupitirira 0.5 peresenti. Akamberembere sanagone, n'zachidziwikire. Ena anayesa kumata maginito amphamvu pamita kuti isokonezeke. Mu 2019 kampani ina inalandidwa chiphaso pa mlandu umenewu, ndipo pambuyo pake anthu anakalowa m'ndende.  Ena ankaopa kuti kukhwimitsa kotereku kuthamangitsa malonda, koma m'chaka chomwecho cha 2017 dokoli linadutsa matani 50 miliyoni kwa nthawi yoyamba. Madoko a Rotterdam ndi Antwerp-Bruges anadzagwirizana kuti nawonso ayambe kukakamiza mita zotere kuyambira Januwale 2026, zaka zisanu ndi zinayi pambuyo pa anzawo.

Kukonzeka kumeneku kunapindula kwenikweni pa 1 Januwale 2020. Tsiku limenelo bungwe la United Nations loona za maulendo apanyanja, la IMO, linatsitsa mlingo wa sulufule wololedwa m'mafuta a sitima kuchoka pa 3.5 peresenti kufika pa 0.5 peresenti. Kwa zaka zambiri sitima zinkamwa nsenga za mafuta, zotsalira pansi akatcheza petulo, palafini ndi dizilo. Ndi zinthu zakuda bii, zonanda ngati phula, zosayenda m'paipi popanda kuzitenthetsa. Utsi wake ndiwo unkadwalitsa zifuwa anthu okhala m'mizinda ya m'madoko. Lamulo linali labwino. Koma walira mvula walira matope, ndipo apa matopewo anali enieni.

Mafuta atsopano, omwe pamsika amawatcha VLSFO, alibe kaphikidwe kamodzi. Ndi msakanizo, ndipo wosakaniza aliyense ali ndi dzanja lake. Vuto lake ndi ili. M'mafuta olemera muli tinthu taphula tomwe timayandama bwinobwino malinga ngati tazingidwa ndi mafuta a banja lina lomwe limatigwirizira. Ukathiramo mafuta a banja lachiwiri, aja okhala ndi sera wambiri, tinthu tija timasowa potsamira, timagwirana n'kumira pansi ngati matope. Masefa amatsekeka, makina otsukira mafuta amadzaza, injini imatha kuzima sitima ili pakati pa mpata wodzaza zombo. Chopweteka n'chakuti mafuta awiri, aliwonse abwino paokha ndipo opambana mayeso onse, amatha kudana akakumana m'thanki imodzi. Sera nayenso ali ndi khalidwe lake: mafuta akazizira amaundana, ukawatenthetsa kwambiri amakalamba msanga. Palinso timchenga ta aluminiyamu ndi silikoni totsalira koyenga mafuta, tolimba kwambiri moti timakanda mkati mwa injini ngati sandipepa. Mlingo wa ISO 8217 umalola mamiligalamu 60 okha pa kilogalamu.

Wosakaniza waluso amagwira ntchito pa kampata kakang'ono kwambiri. Akapyola 0.5 peresenti, mafuta ake ndi mlandu. Akatsika kwambiri, wawononga mafuta odula amene amasungunulira nawo, phindu lonse lathera pomwepo. Ndiye amalasa pafupi penipeni ndi mzere koma osaukhudza, uku akusamala kuti mabanja awiri aja asayambane, uku akuganizira kuti sitimayo mwina ikupita kozizira. Pali kayeso kena kamene ndimakakonda chifukwa cha kuphweka kwake. Amasakaniza mafuta awiri, amawatenthetsa, n'kudonthetsa dontho limodzi pa pepala losefera. Likauma, amaliyang'ana. Ngati banga lili lofanana paliponse, mafutawo ndi apachibale. Ngati pakati paoneka mkombero wakuda, asakumane. Sitima ya madola mamiliyoni ambiri imadikira chigamulo cha dontho limodzi papepala.

Chimodzimodzi ndi katengedwe ka umboni. Satunga kapu imodzi koyambirira, chifukwa wochenjera akhoza kutsogoza mafuta abwino n'kutsiriza ndi zinyalala. Polumikizira paipi amaikapo kampopi kamene kamadontha dontho limodzilimodzi kuyambira pamene kupopa kwayamba mpaka pomwe kwathera, kaya ndi maola asanu ndi atatu kaya khumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamapeto amakhutchumula chigubucho bwinobwino, amagawa m'mabotolo angapo onse akuona, amamanga zidindo, amasaina. Botolo limodzi limakhala m'sitima kwa miyezi yosachepera 12 kudikira oyendera a boma, ndipo chikalata cha malondawo chimasungidwa zaka zitatu.

Sindikunena kuti ku Singapore sikulakwika kanthu. Kumayambiriro kwa 2022 sitima pafupifupi 200 zinamwetsedwa mafuta okhala ndi mankhwala a klorini, ndipo zambiri zinavutika ndi mapampu ndi injini. Mankhwalawo sanali pa mndandanda wa zoyezedwa masiku onse. Chimene ndimayamikira ndi mmene MPA inalondolera mapazi. Inatsata mafutawo mpaka kumene anapakiridwa, ku Khor Fakkan m'dziko la United Arab Emirates, inaimitsa chiphaso cha kampani ya Glencore kwa miyezi iwiri, kenaka inaonjezera mayeso amene mafuta ayenera kudutsamo asanagulitsidwe. Mabotolo aja ndi zikalata zija ndizo zinapangitsa kuti kulondolako kutheke.

Nanga phindu la doko limachokera pati? Apa ambiri amasokonezeka. MPA sigulitsa mafuta. Ogulitsa ndi makampani okhala ndi ziphaso, ndipo phindu lawo pa tani imodzi ndi lochepa zedi, nthawi zina longokwanira kupuma. Ndalama ya doko ili ngati ya mwini malo okwerera basi, amene sagulitsa dizilo koma amadya kuchokera kwa aliyense woima pamenepo. Sitima ikabwera kudzamwa imalipira msonkho wa padoko. Imafuna woitsogolera polowa, imagula zakudya, madzi ndi zipangizo, imasintha amalinyero, imaitana okonza zowonongeka, imatumiza mabotolo kokayezetsa. Kumtunda kuli eni mathanki a lendi pachilumba cha Jurong, mabanki okongoza amalonda, a inshuwalansi, maloya oweruza mikangano. Boma la Singapore lakhala likuwerengera kuti ntchito zapanyanja zimabweretsa pafupifupi 7 peresenti ya chuma cha dziko ndi ntchito zokwana 170,000. Mafuta ndiyo nyambo. Ndipo popeza mafuta ndiwo amadya gawo lalikulu la ndalama za ulendo wa sitima, akakwera mtengo ndiponso akavuta kusamala, mwini sitima amafunitsitsa kumwera pamene sakayika sikelo.

Lamulo la 2020 linachulukitsanso mitundu ya katundu, ndipo zimenezi zinakomera doko lalikulu. Eni sitima ena anasankha kupitiriza mafuta akale otchipa koma n'kuika makina otsuka utsi m'chumuni, zomwe lamulo limalola. Mu Januwale 2020 kusiyana kwa mitengo ya mafuta awiriwa ku Singapore kunapyola madola 300 pa tani, ndipo amene anaika makinawo ankaoneka anzeru. Patangotha miyezi yochepa mliri wa Covid-19 unagwetsa mitengo, kusiyanako n'kutsika pansi pa madola 100. Doko silingadziwe kuti mawa mphepo iwombera kuti, ndiye liyenera kusunga zonse: mafuta akale, atsopano, ndi dizilo wa 0.1 peresenti wofunika m'nyanja za malamulo okhwima monga Baltic ndi North Sea. Mtundu uliwonse umafuna thanki yake, paipi yake, nthawi zina chombo chake. Doko laling'ono silingakwanitse, limasankha umodzi kapena iwiri, makasitomala ena n'kulidutsa. Singapore inasunga yonse, koma inaletsa makina aja amene amatsuka utsi ndi madzi a m'nyanja kutayira madzi akudawo m'doko lake.

Tsopano kwabwera mafuta amene si mafuta monga tinawazolowera, ndipo aliwonse ali ndi ukali wake. Gasi wa LNG amakhala madzi pokhapokha atazizira kufika madigiri 162 pansi pa ziro, kuzizira koti akadonthera pa chitsulo wamba chimang'aluka. Mapaipi amayamba awaziziritsa pang'onopang'ono asanatsegule mokwanira. Mu Malichi 2021 chombo cha FueLNG Bellina chinathira gasiyu m'sitima ya makontena ya CMA CGM Scandola, koyamba kuti sitima ya makontena imwe gasiyu padokoli. Methanol ndi wina. Amayaka mosavuta pa kutentha kwa madigiri 12 okha, pamene mafuta a sitima a masiku onse lamulo limafuna kuti asagwire moto pansi pa madigiri 60. Choopsa kwambiri n'chakuti lawi lake masana silioneka. Munthu akhoza kulowa m'moto akuyenda. Choncho mu Julayi 2023, pamene chombo cha Agility cha kampani ya Hong Lam Marine chinathira matani pafupifupi 300 a methanol m'sitima yatsopano ya Maersk, imene pambuyo pake inatchedwa Laura Maersk, ntchitoyo anakaichitira pamalo opatulidwa, m'mwamba mukuuluka madroni okhala ndi makamera oona kutentha ndi zida zonunkhiza mpweya. Matani 300 ndi kadontho padoko lothira matani oposa 100,000 tsiku lililonse, koma anakonzekera kwa miyezi. Mu Malichi 2024 anayesanso ammonia pa chombo cha Fortescue Green Pioneer. Ammonia alibe kaboni, koma mpweya wake umapha.

Kunena zoona, mafuta atsopanowa sanayambe kubweza ndalama zimene akudya. Pa matani 54.92 miliyoni a 2024, onse pamodzi anali matani 1.34 miliyoni okha, ndipo ochuluka mwa iwo anali osakaniza ndi mafuta ochokera ku zomera ndi ophikira otha ntchito, kenaka LNG. Methanol sanafike ngakhale matani 2,000. Pamwamba pa izo MPA imachotsera msonkho wa padoko sitima zogwiritsa mafuta aukhondo, kutanthauza kuti ikudzichepetsera yokha ndalama za lero. Wowerengera ndalama wa maso afupi anganene kuti ndi kutaya. Koma methanol ali ndi mphamvu yosakwana theka la mafuta akale pa malo ofanana, choncho sitima yoyendera methanol iyenera kumwa kowirikiza kapena kuima kawirikawiri. Izi zikhoza kuonjezera malonda, komanso zikhoza kuwabalalitsa, poti methanol ndi ammonia angapangidwe kulikonse kuli dzuwa ndi mphepo yokwanira, osati kokha kumene kuli malo oyengera mafuta. Mwayi wa malo umene Singapore wakhala nawo ukhoza kuchepa. Chimene sichingasamuke msanga ndi anthu ophunzitsidwa, malamulo oyesedwa kale, ndi mbiri. N'chifukwa chake mu 2022 anapangana ndi Rotterdam zokonza njira imodzi yomwe sitima ingapeze mafuta aukhondo kumbali zonse ziwiri. Ndipo akuchita zonsezi pansi pakugwedezeka: dongosolo la IMO lolipiritsa utsi wa sitima linavomerezedwa mu Epulo 2025, koma mu Okutobala chaka chomwecho mayiko anakankhira voti yomaliza kutsogolo ndi chaka chathunthu.

Kuno kwathu tinaonako mbali ina ya nkhaniyi. Kumapeto kwa 2023 sitima zitayamba kuthawa zipolowe za pa Red Sea n'kuzungulira kumwera kwa Africa, makasitomala anadzifikira okha pakhomo pa madoko a kuderali. Koma ku Algoa Bay, malo aakulu omwetsera sitima ku South Africa, ntchito inali itaima kuyambira Seputembala chaka chomwecho, pamene bungwe lotolera misonkho linagwira zombo zothira mafuta pa mkangano wa malamulo a kasitomu. Malondawo anapita ku Port Louis ku Mauritius, ku Walvis Bay ku Namibia ndi kwina. Mafuta oonjezera amene sitima zinawotcha pozungulira anakalowa mu mtengo wonyamulira makontena, kuphatikizapo aja otsikira ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam n'kukwera malole kubwera kuno.

Kuyambira pa 1 Epulo 2025, ku Singapore chikalata cha malonda a mafuta sichilembedwanso pamanja. Manambala amachoka pamita kupita pakompyuta, n'kufika kwa wogula, wogulitsa ndi MPA nthawi imodzi, ndipo palibenso wokwera makwerero a chingwe usiku atapanira mapepala kukhwapa. Tepi yachitsulo ija ikadalipo m'sitima, injiniya amaitsitsabe m'thanki zake kuti adzikhutiritse yekha, ngakhale chiwerengero chake sichilowa pa risiti. Kampopi kaja nako sanakachotse. Kamadonthabe polumikizira paipi usiku wonse, wina atakhala pambali ndi tochi kuonetsetsa kuti sikanatsekeke.